Mwayamba kosi ya networking ku yunivesite? Yambani chonchi, osangoloweza ma layer

Anzanga amene mwalembetsa kosi ya networking semesita ino, kaya ili mu computer science kaya ICT kaya engineering, kosi imeneyi ili ndi kamsampha kake. Munthu utha kukhoza mayeso onse bwinobwino, ma layer 7 a OSI kuwatchula kuyambira physical mpaka application osapumira, koma akakupatsa makompyuta awiri amene akukana kulankhulana nde thukuta basi, sudziwa poyambira. Chimachititsa ndi choti zonse zimene amaphunzitsa mkalasi zikuchitika pa laputopu yanu sekondi iliyonse koma ambiri amamaliza chaka asanazionepo ndi maso. Nde ndondomeko ili m'munsiyi yagona pa chinthu chimodzi, chilichonse chimene alekichala anena mupite mukachione chikuchitika, kenako mulembe pulogalamu yochichita nokha.

Choyamba, Linux ndi terminal

Mukufunika Linux, palibe kuthawa. Simukuyenera kufufuta Windows ayi, ikani VirtualBox nkulowetsamo Ubuntu kapena Debian, kapena gwiritsani ntchito WSL ngati laputopu yanu ndi yofooka. Maseva ambiri a pa intaneti amayendera Linux ndipo zida zonse zimene mukhale mukugwiritsa ntchito zili pomwepo zaulere. Sabata yoyamba ingozolowerani ma command ochepa awa, ip addr kuti muone adiresi ya makina anu, ip route kuti muone mapaketi akamatuluka amadzera kuti, ping, traceroute, dig yofunsira DNS imene imasandutsa dzina la website kukhala adiresi, ndi ss -tln yoonetsa ma port amene akumvetsera. Basi. Musathamangire kuloweza ma command zana, awa okhawa akufikitsani patali.

Kachiwiri, onani paketi ndi maso sabata yomweyo

Ikani Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi amene akulowa ndi kutuluka pa makina anu. Musadikire kuti labu ikufikitseni pamenepo chifukwa makosi ambiri amaibweretsa mochedwa, pena pakati pa semesita mitu itasokonekera kale. Tsegulani, sankhani Wi-Fi yanu, yambani capture, nde mu terminal lembani curl http://example.com nkuimitsa capture ija. Onetsetsani kuti mwalemba http osati https, chifukwa https imabisa zam'kati ndipo mungoona zinyalala zosawerengeka.

Tsopano m'kabokosi ka filter lembani dns. Muona makina anu akufunsa kuti example.com ili pa adiresi iti, pa port 53, ndipo yankho likubwera m'munsi mwake. Fufutani, lembani tcp.port == 80. Mizere itatu yoyamba ndi SYN, kenako SYN ACK, kenako ACK, three-way handshake imene anthu amaijambula pa bolodi ndi mivi ija ndi imeneyo, yeniyeni, yanuyanu. Dinani pa mzere wolembedwa GET, pansi paoneka zigawo zosanjikizana, Ethernet pamwamba, kenako IP, kenako TCP, kenako HTTP. Amenewo ndi ma layer aja. Layer iliyonse imatenga zimene yapatsidwa ndi inzake nkumatapo header yake kutsogolo, Ethernet imasamala za MAC adiresi kuti paketi ifike pa chipangizo chotsatira, IP imasamala za adiresi ya komwe paketi ikukathera, TCP imasamala za port ndi kuti zonse zifike mwadongosolo. Mukaziona chonchi kamodzi kokha funso la encapsulation pa mayeso limakhala lopatsidwa.

Kunena zoona OSI ndi ya mkalasi ndi pokambirana, imene intaneti imayendera ndi TCP/IP, imene Vint Cerf ndi Bob Kahn anailongosola mu 1974 ndipo ARPANET, kholo la intaneti, inasamukirapo pa 1 January 1983. Nchifukwa chake mu Wireshark simupeza mzere wolembedwa session kapena presentation, musamaufunefune. Lowezani OSI chifukwa idzabwera pa pepala komanso anthu a ntchitoyi amati vuto lili pa layer 2 kapena layer 3, koma poganiza muziganiza ndi TCP/IP.

Mukadali pomwepo yesani traceroute Wireshark ili chiyatsire. Paketi iliyonse ya IP ili ndi nambala yotchedwa TTL, Linux imayambira pa 64 Windows pa 128, ndipo rauta iliyonse imachotserapo 1, ikafika pa 0 rautayo imataya paketi nkutumiza uthenga wa ICMP wonena kuti nthawi yatha. Traceroute imangotumiza dala paketi ya TTL 1, kenako 2, kenako 3, nde rauta iliyonse ya panjira imadziulula yokha. Nzeru yosavuta koma yokoma zedi.

Kachitatu, subnetting ndi cholembera

Apa nde pamene ambiri amagwera ulesi nkuthamangira ma calculator a pa intaneti. Musatero, pa mayeso mulibe, ndipo pa interview amakonda kufunsa pakamwa.

Adiresi ya IPv4 ili ndi ma bit 32, ogawidwa m'zigawo zinayi za ma bit 8. Ka nambala kobwera pambuyo pa slash kakukuuzani kuti ma bit angati ndi a netiweki, otsalawo ndi a makina. Lowezani mndandanda uwu wokha, 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1, zina zonse zimachokera pamenepa.

Titenge 192.168.10.77/26. Ma bit 26 ndi a netiweki, atsala 6. 2 kuichulukitsa yokha ka 6 ndi 64, nde ma subnet akudumpha 64 64, kuyambira 0, 64, 128, 192. Nambala yathu 77 ili pakati pa 64 ndi 128, kutanthauza kuti netiweki yake ndi 192.168.10.64, broadcast ndi adiresi yomaliza tisanafike pa 128, yomwe ndi 192.168.10.127, ndipo makina atha kutenga kuyambira 65 mpaka 126, onse pamodzi 62. Timachotsa awiri nthawi zonse, woyamba ndi dzina la netiweki womaliza ndi broadcast. Mask yake ndi 256 kuchotsa 64, 255.255.255.192. Yesani nokha 172.16.5.200/27, mukapeza netiweki 172.16.5.192 ndi broadcast 172.16.5.223 nde mwagwira. Chitani ziwiri zitatu tsiku lililonse mpaka muzitha kuwerengera m'mutu, kenako pitani pa zija amakupatsani netiweki imodzi nkunena kuti muigawire madipatimenti osiyana kukula, kumeneko lamulo ndi loti yambani ndi yaikulu nkumatsika.

Dziwaninso maadiresi a private, 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16, amenewa sayenda pa intaneti, rauta imawasintha kudzera mu NAT. Ndipo mukaona makina atenga adiresi yoyamba ndi 169.254 dziwani kuti afunsa DHCP, imene imagawa maadiresi, koma palibe wawayankha. IPv6 musainyalanyaze ngati mmene ena amachitira poti ili kumapeto kwa silabasi, maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi ndipo IANA, bungwe logawa maadiresiwa, inagawa ake omaliza mu February 2011, IPv6 ili ndi ma bit 128 ndipo mafoni ambiri akuigwiritsa kale ntchito eni ake osadziwa.

Kachinayi, kumanga netiweki yabodza

Pa mapulogalamu oyeserera netiweki pa kompyuta, Cisco Packet Tracer ndi yokwanira poyambira, GNS3 ndi yolemera koma imayandikira zenizeni. Ikani switch imodzi ndi makompyuta awiri, ping idutse. Onjezerani rauta ndi netiweki yachiwiri, ping ikana, nde mufufuze chifukwa chake, nthawi zambiri ndi default gateway imene simunaike kapena interface ya rauta imene ikadali shutdown. Kenako VLAN, kenako static route, kenako OSPF. Ikayenda iwonongeni dala, sinthani mask pa makina amodzi, chotsani route imodzi, muone zizindikiro zake, chifukwa kuntchito palibe amene adzakupatseni netiweki yatsopano kuti mumange, adzakupatsani yowonongeka.

Kachisanu, ma socket, ndipo apa tikhalitsepo

Musanalembe mzere ndi umodzi womwe wa code, tsegulani ma terminal awiri. Mu yoyamba lembani nc -l 5000, ikakana yesani nc -l -p 5000 chifukwa nc imeneyi, dzina lake lonse netcat, ilipo mitundu ingapo. Mu yachiwiri nc localhost 5000. Lembani chilichonse mbali imodzi chituluka mbali inayo. Imeneyo ndi seva ndi client, zonse zimene muzilemba semesita yonse ndi zomwezi kungoti zovekedwa zambiri.

Socket API imene mukuphunzirayi inachokera ku Berkeley mu 4.2BSD mu 1983 ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni, kaya mu C kaya Python maina ake ndi omwewo. Seva imaitana socket, kenako bind kuti itenge port, kenako listen, kenako accept nkudikira. Client imaitana socket nkupanga connect basi. Akalumikizana onse awiri amagwiritsa ntchito send ndi recv, pomaliza close. Chimene chimasokoneza anthu ndi choti accept imakubwezerani socket yatsopano, yolankhulira ndi client ameneyo yekha, pomwe socket yoyamba ija imakhalabe pakhomo kudikira ena. Mukayesa kuchita recv pa yoyambayo mulandira error basi.

Malangizo anga ndi oti muyambe ndi Python kuti mumvetse kayendedwe kake, seva yobweza zimene yalandira imakwana m'mizere yochepa kwambiri, kenako mulembe yomweyo mu C olo kosi yanu isakukakamizeni. C imakuonetsani zimene Python imabisa. Chitsanzo, pa netiweki manambala amayenda byte yaikulu patsogolo pomwe makompyuta athu ambiri amasunga byte yaing'ono patsogolo, nde pali ka function kotchedwa htons kotembenuza. Mukaiwala htons pa port 8080, pulogalamu iyenda bwinobwino popanda dandaulo lililonse, koma seva ikakhala pa port 36895, chifukwa 8080 mu hex ndi 1F90 ndipo ikatembenuka ndi 901F. Inu mukulimbana ndi client kuti bwanji ikunena connection refused, chonsecho ss -tln ikanakuuzani pompopompo kuti seva ili pa khomo lina.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchimvetse kuposa china chilichonse mu nkhani yonseyi. TCP sidziwa kuti uthenga ndi chani. Imangodziwa ma byte otsatana. Zili ngati kuthira madzi mu paipi ndi kapu, inu mwathira makapu atatu koma wotunga kumapeto sangadziwe kuti kapu yoyamba yathera pati. Mukachita send katatu, mbali inayo recv itha kulandira zonse nthawi imodzi zitamatana, kapena kulandira theka la uthenga woyamba lokha, kapena uthenga umodzi ndi kachidutswa ka wachiwiri. TCP imalonjeza kuti ma byte afika onse ndiponso mu dongosolo lake, sinalonjezepo kuti afika m'magulu amene inu munatumizira.

Choipa chake nchoti pa localhost ndi timauthenga tating'ono izi sizioneka kawirikawiri, nde asayimenti imayenda bho pa laputopu yanu, tsiku la demo mukalumikiza makina awiri pa Wi-Fi nkutumiza fayilo yaikulu nde zonse balala. Paja Ethernet imanyamula ma byte 1500 pa frame imodzi, mukachotsa 20 a IP ndi 20 a TCP atsala 1460, chilichonse choposa pamenepo chidulidwa ndithu.

Mankhwala ake ndi kuika malire nokha. Njira imodzi ndi kumaliza uthenga uliwonse ndi newline, wolandira azisonkhanitsa mu buffer mpaka ataiona. Njira ina, imene ine ndimaikonda chifukwa imagwira olo pa zithunzi ndi mafayilo, ndi kutumiza kaye ma byte 4 onena kutalika kwa uthenga, kenako uthengawo. Wolandira awerenge ma byte 4 aja, adziwe kuti akudikira angati, nde azichita recv mu loop mpaka atakwana. Lembani ka function kamodzi kolandira ma byte enieni amene mwapempha, kasungeni, muzikagwiritsa ntchito mu project iliyonse. HTTP imachita zonse ziwiri, ma header amathera pa mzere wopanda kanthu ndipo Content-Length imanena kukula kwa zotsalazo. Send nayonso mu C itha kutumiza zochepa kuposa zimene mwaipatsa, muziona nambala imene yabweza, mu Python gwiritsani sendall.

Zina zimene zidzakupezani ndithu. Recv ikabweza 0 ndiye kuti mnzanu uja watseka, tulukani mu loop, apo ayi pulogalamu izizungulira pamalo amodzi nkumadya CPU yonse. Mukazimitsa seva nkuiyatsanso nthawi yomweyo nkuona Address already in use, si kuti mwalakwitsa, connection yakale ikadali mu TIME_WAIT, pa Linux imakhalamo masekondi 60, ikani SO_REUSEADDR musanachite bind nkhani yatha. Mukachita bind pa 127.0.0.1 ndi makina anu okha amene angalumikize, mukafuna mnzanu wa pa laputopu ina alowe chitani bind pa 0.0.0.0 ndipo muone firewall. Ma port ochepera 1024 amafuna root, nde poyeserera tengani 5000 kapena 8080. Ndipo mu C mukalembera socket imene mbali inayo inatseka kale, SIGPIPE ipha pulogalamu yanu mwakachetechete osasiya uthenga.

Seva ya client m'modzi ikayenda, lumikizani awiri muone wachiwiri akungodikira. Apa nde pamabwera ma thread, client aliyense thread yake, kapena select ndi poll, ndipo pa Linux epoll, pamene thread imodzi imayang'anira ma socket ambirimbiri. Yesani njira zonse ziwiri pa ka chat seva komweko, mudzaona nokha pamene ma thread amavutira akamagawana mndandanda umodzi wa ma client popanda lock.

UDP musaione ngati mng'ono wopanda ntchito wa TCP. Ilibe handshake, silonjeza kufika, koma uthenga umafika wathunthu mmene unatumizidwira kapena osafika konse. DNS imayendera pomwepo, ma call ndi ma game ambirinso, ndipo HTTP/3 imayenda pa QUIC yomwe ili pamwamba pa UDP.

Zikakana kuyenda

Yambirani pansi kukwera, osalumpha. Kebo kapena Wi-Fi yalumikizidwa? ip addr ikuonetsa adiresi yoyenera? ping ku gateway ikudutsa? ping 8.8.8.8 ikudutsa? Ngati imeneyi ikudutsa koma dzina la website likukana nde vuto ndi DNS. Zonsezi zikakhala bwino onani ngati port ikumvetsera, kenako mutsegule Wireshark. Connection refused ikutanthauza kuti mwafika pa makinawo koma palibe amene akumvetsera pa port imeneyo, muona RST, paketi yokana connection, ikubwerera. Timeout ikutanthauza kuti SYN yanu yapita osayankhidwa, kawirikawiri ndi firewall kapena adiresi yolakwika. Ma error awiriwa ndi osiyana kutalitali koma anthu amangoti sizikutheka.

Chenjezo limodzi, zida zosanthulira netiweki ngati nmap muziyesera pa makina anu ndi ma virtual machine anu okha. Kusanthula netiweki ya sukulu popanda chilolezo kungakuchotsetseni sukulu ndipo m'maiko ambiri ndi mlandu, chidwi si chodzitetezera nacho.

Za mayeso ndi zowerenga

Masamu a delay amabwera pafupifupi pa pepala lililonse. Transmission delay ndi kukula kwa paketi kugawa ndi liwiro la link, propagation delay ndi mtunda kugawa ndi liwiro la signal, mu fibre ndi pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, nde makilomita 1000 ndi 5 ms. Pamene anthu amatayira malikisi ndi pa bit ndi byte, paketi ya ma byte 1500 ndi ma bit 12,000, pa link ya 10 Mbps ndi 1.2 ms, mukaiwala kuchulukitsa ndi 8 yankho lonse lapita. Congestion control nayo imabwera, slow start ndi zinzake, zimene Van Jacobson anabweretsa mu 1988 intaneti itapanikizika mpaka kutsala pang'ono kuima mu 1986, jambulani graph ya window ndi dzanja kangapo mpaka muzidziwa pamene imatsikira ndi chifukwa chake.

Ma RFC, zikalata zolongosola mmene ma protocol a intaneti amayendera, ndi aulere ndipo si oopsa ngati mmene amaonekera. Yambani ndi RFC 768 ya UDP, ya 1980, ndi masamba atatu okha, muiwerenge Wireshark ili pambali mukufananitsa field iliyonse. Ya TCP inali RFC 793 ya 1981, pano inalowedwa m'malo ndi RFC 9293 ya 2022, imeneyo muzingoitsegula pofuna kutsimikiza kanthu. CCNA, satifiketi ya Cisco ija, ndi yabwino ngati mtima wanu uli ku marauta ndi ma switch, koma siidzakuphunzitsani kulemba seva, ngati mukulowera ku programming nthawi yanu ipite ku ma project.

Project yoti mutsekere nayo semesita, lembani web seva yanuyanu popanda library ya HTTP, socket yokha, yoti browser yeniyeni itsegule tsamba kuchokera pamenepo. Iwerenge mzere wa GET, ipeze fayilo, ibweze 200 ndi Content-Length yolondola kapena 404 fayilo ikasowa, ndipo ikane aliyense woika madontho awiri ndi slash mu path kuti akwere kupita ku mafayilo ena a makina anu. Ikatha imeneyo, kwa amene mukufuna zowawa, tumizani fayilo pa UDP nkudzipangira nokha ma sequence number, ma ACK ndi timeout, kenako uzani Linux kuti izitaya dala mapaketi ndi tc qdisc add dev lo root netem loss 10% muone ngati fayilo ifikabe yathunthu, ndipo mufananitse sha256sum ya mbali zonse ziwiri, osangoona kukula kwake. Mukamaliza chotsani lamulolo ndi tc qdisc del dev lo root, apo ayi chilichonse cha pa localhost chizichedwa mpaka mutazimitsa makina.